Kodi bwana anatinyoza ponena kuti ukwati wathu unali "lenawo"?

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Ine ndimasunga katundu pa kampu ya anthu okonza msewu kuno ku Kasungu. Amene amandiyang'anira ndi bambo wachikulire wa ku China, wa imvi kale. Chingerezi chawo n'chochepa, changanso n'chopemphera madzi akumwa basi, ndiye timamvana ndi manja, zikavuta timathawira ku foni. Mwezi watha mlongo wanga wamng'ono ankakwatiwa ku Santhe, ndipo bwanawa ndinawaitana mongoyesa. Anabweradi, anadya nsima ndi manja, pa perekaniperekani anadzuka n'kuvina nawo. Koma tsiku lonse ankangobwereza mawu amodzi, ine ndinkamva ngati akuti "lenawo, lenawo". Nditawapatsa foni kuti alankhulirepo, inanditanthauzira kuti phokoso. Aphunzitsi, zinandiwawa. Munthu tamulandira, tamuphera tambala, ndiye azitinena kuti ndife aphokoso? Chondizunguza mutu n'choti ankanena uku akumwetulira. Tsiku lina masana anyamata akutsutsana za Bullets ndi Wanderers pafupi ndi chipinda chawo, bwanawa anatuluka nkhope ili gwaa n'kukalipa kuti "tchawo!" Foni inatinso phokoso. Kodi mawu awiriwa ndi amodzi? Kodi pa ukwati paja anatinyoza? Mayi anga akumafunsa kuti mlendo uja ankati chiyani, ine ndikusowa chowayankha.

Wosunga katundu, Kasungu

YANKHO: Achimwene, khazikitsani mtima pansi, ndipo mayi mukawauze kuti mlendo uja anayamikira ukwati wa mwana wawo ndi mtima wonse. Mawu amene munamvawo ndi rènao, ndipo amalembedwa chonchi: 热闹. Munthu wa ku China akapita ku ukwati n'kubwerako akunena mawu amenewa, ndiye kuti eni ukwati agwira ntchito. Foni yanu sinaname kotheratu, phokoso lilimodi m'mawuwo, koma inakupatsani chitsononkho, chimanga n'kutsala nacho.

Mawuwa ali ndi mbali ziwiri. Rè ndi kutentha. Nào ndi phokoso la anthu ambiri ali pamodzi. Tayang'anitsitsani chilembo chachiwiricho, 闹. Kunjaku kuli 门, chomwe ndi chipata kapena khomo, ndipo mkatimo muli 市, womwe ndi msika. Kalembedwe kakale, komwe ku Taiwan ndi ku Hong Kong akulembabe mpaka lero, ndi 鬧: msika womwewo, koma wazunguliridwa ndi chizindikiro cha anthu awiri ogwirana ngati akulimbana. Boma la China litayamba kuphweketsa zilembo mu 1956, anthu olimbana aja anasanduka chipata, koma msika unatsala pomwepo. Ine ndinakulira pa Kamwendo ku Mchinji, ndipo ndikangoona chilembo chimenechi ndimaona tsiku la msika pakwathu paja: wa kaunjika akuitanira mawu atasasa, wa kabaza akuliza belu kuti mumupatse njira, mbuzi ikulira pachingwe, amayi awiri akukokanakokana pa mtengo wa ndowa ya mtedza, utsi wa pachiwaya ukulowa m'maso. Palibe amene akudandaula za phokoso pamenepo. Msika utati ukhale chete, aliyense angafunse kuti kwagwanji.

Ife mawu amodzi oti tiike pa rènao tilibe, koma chinthucho timachidziwa bwino lomwe. Timati ukwati unatentha, kunali moto, fumbi linali koboo. Onani kuti nafenso timathamangira ku moto pofuna kunena za anthu ochuluka osangalala. Ukwati umene anthu sanabwere, mipando ili yokhayokha, ng'oma kapena chimkuzamawu chikungodzilirira, timati kunali zii. Iwo amati lěngqīng, ndipo lěng ameneyo ndi kuzizira. Amene anawolokako pa Mwami kumapeto kwa Ogasiti kupita ku Kulamba ku Mkaika, n'kuona magule akutuluka motsatizana pamaso pa Kalonga Gawa Undi, anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique atadzaza bwalo, ameneyo rènao anamuona ndi maso ngakhale sanamvepo dzina lake.

Ineyo mawuwa sindinawaphunzire m'kalasi. Ndinafika ku Wuhan, mzinda wa m'chigawo cha Hubei pomwe mtsinje wa Han umathira mu Yangtze, mu Seputembala 2013. Rè ndinamudziwa sabata yoyamba yomwe, chifukwa kumeneko kumatentha mothetsa nzeru, komanso chakudya cham'mawa chimene anthu amadya ali chiimire m'mbali mwa msewu chimatchedwa règānmiàn, zingwezingwe za ufa wa tirigu zotentha zosakaniza ndi chiponde cha chitowe. Koma rènao ndinamumvetsa m'nyengo yozizira. Chaka Chatsopano chawo cha 2014 chinagwa pa 31 Januwale. Kutatsala sabata ziwiri, sukulu yonse inakhuthuka. Ophunzira anapita m'makwawo, timalesitilanti ta pachipata tinatsekedwa ndi zitseko zamalata, msewu umene unkadzaza njinga unangoti zii. Ndikamayenda m'khonde la hositelo ndinkamva mapazi anga omwe. Nyumba za kumeneko zilibe mapaipi otenthetsera ngati za kumpoto kwa dzikolo, ndiye ndinkagona nditavala jekete. Usiku wina ndinalira. Kuzizira ndikanapirira, chimene chinandiliza n'choti panalibe ndi mmodzi yemwe woti andisokosere.

Mtsikana wina amene ankandithandiza Chitchaina, ine n'kumamuthandiza Chingerezi, atamva kuti ndatsala ndekha anabwerera kudzanditenga. Tinayenda maola atatu pa basi kukafika kumudzi kwawo. Pakhomo ndinachita manyazi, mlendo kulowerera banja la eni pa tsiku lawo lalikulu, ndipo ndinayamba kupepesa ndi Chitchaina changa chothyokathyoka. Mayi ake anandigwira dzanja, zala zawo zili ufa wokhawokha, n'kunena kuti, "Rén duō rènao." Kutanthauza kuti anthu akachuluka m'pamene pamatentha. Usiku wa pa 30 Januwale tinali anthu 17 patebulo limodzi lozungulira. TV ikubangula popanda woimvera, amalume ake akukuwa ngati akuyambana pomwe akungothirirana mowa, agogo akundiunjikira nyama m'mbale ndisanamalize yoyamba, pakona ena akugogoda timiyala ta masewera a mahjong. Pakati pa usiku mudzi wonse unaphulitsa makombola mpaka galu wa pakhomopo anakabisala kunsi kwa bedi, ndipo kutacha bwalo linali psuu ndi zidutswa za mapepala ofiira. Ndinakumbuka Khirisimasi ya pa Kamwendo, mpunga ukuphikidwa mumphika waukulu, ana atavala zatsopano akuthamangitsana kuseri kwa nkhokwe, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dziko lija ndinagona tulo tofa nato.

Tsopano ganizirani za bwana wanuwo. Munthu wa imvi, kwawo ndi kutsidya kwa nyanja, akaweruka amakadya kuseri kwa mpanda wa kampu n'kumayang'ana zithunzi za adzukulu pa foni. Inu munawatulutsa kuseri kwa mpandako n'kuwakhazika pakati pa nthungululu. Kwawonso pa ukwati amapereka ndalama, kungoti iwo amaziika mu envelopu yofiira yotchedwa hóngbāo n'kupereka mwakachetechete, ndiye kuona anthu akuponya ndalama m'beseni uku akuvina kunali kwachilendo koma kosasokoneza, anadziwa chimene chikuchitika. Ankabwereza mawu amodzi tsiku lonse chifukwa Chingerezi chawo sichikanatha kusenza zimene zinali mumtima mwawo. Ine ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo anakumbuka kwawo.

"Tchawo" uja ndiye nkhani ina. Ameneyo ndi chǎo, 吵, phokoso losowetsa mtendere, lija timati mukundisokosera. Kumanzere kwa chilembocho kuli kabokosi, 口, komwe ndi kamwa. Kumanja kuli 少, chimene chaikidwapo kuti chikuthandizeni katchulidwe chabe, chifukwa pachokha chimatchulidwa shǎo. Mukawonjezera jià n'kunena kuti chǎojià, ndiye kuti anthu akukangana. Ndipo pali chifukwa chimene bwanawo anakwiyira masana osati m'mawa. Anthu ambiri a ku China akadya nkhomaliro amagona pang'ono, m'maofesi, m'masukulu, ngakhale pamalo omanga nyumba mumapeza anthu atadziponya pa katoni. Kwa iwo kagonedwe kameneka si ulesi ayi, ndi gawo la tsiku la ntchito, ndipo wowadzutsa nthawi imeneyo amakhala ngati wawalanda mbale ya nsima pakamwa. Anyamata a Bullets ndi Wanderers aja akauzeni kuti mtsutso wawo azikachitira kumtengo wa kutali.

Mawu amenewa anandichititsapo manyazi amene sindiwaiwala. Miyezi yoyambirira ku Wuhan ndinali ndi anzanga awiri a ku Chipata, ndipo usiku wina cha m'ma 11 koloko tinkakazinga usipa umene ndinachoka nawo kumudzi, uku tikuseka m'chinenero chathu ngati tili pa mtondo. Mayi woyang'anira hositelo anagogoda n'kunena kuti, "Tài chǎo le." Ine ndinali nditangophunzira kumene kuti chǎo ndi kukazinga, monga mu chǎofàn, mpunga wokazinga. Ndinaganiza kuti akudandaula za fungo la usipa. Ndinazimitsa moto, ndinatsegula windo, ife n'kupitiriza kuseka. Anabweranso kachiwiri, chala chili pamlomo, nkhope itagwa. Zinandipweteka kuzindikira kuti mayi wa msinkhu wa mayi anga tamupeputsa kawiri konse osadziwa. M'mawa ndinapita kukapepesa. Anatenga kapepala n'kundilembera zilembo ziwiri moyandikana, 吵 ndi 炒, kenako analoza kamwa lawo pa choyambacho, n'kuloza mbaula pa chachiwiricho. Pakamwa mawu awiriwa ndi amodzi ndendende, kusiyana kwake n'koti china chili ndi kamwa kumanzere, china chili ndi 火, moto. Kapepalako ndikadali nako m'Baibulo langa.

Za katchulidwe, khutu lanu ndi lakuthwa. Ch wa m'kalembedwe ka pinyin, kamene boma lawo linavomereza mu 1958 kuti Chitchaina chizilembedwanso ndi zilembo zathuzi, amatuluka ndi mpweya ngati tch wathu wa mu tchire kapena tchalitchi, kungoti lilime limapindikira m'mbuyo pang'ono. Ndiye "tchawo" wanuyo ali pafupi zedi, mungochotsa w. "Lenawo" nayenso simunamuphonye kwambiri. M'Chitchaina cha m'kalasi r ameneyo amatchulidwa lilime litapindikira m'mwamba koma osagunda, ndipo e wake si e wathu, amachokera kukhosi milomo ili yotambasuka. Koma ku Wuhan komwe ndinali, achikulire ambiri r wa mu rè amamutchula ngati l kapena n, ndiye mwina bwana wanuwo anatchuladi momwe munamveramo. Timizere ta pamwamba pa zilembo tikusonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo apa Amalawi tisamachite mantha, chifukwa nafenso timatero tsiku lililonse. Ndikalemba kuti "mtengo wa mango" simungadziwe ngati ndikunena wokhala pamthunzi pake kapena wolipira pamsika, koma ndikatchula pakamwa mwana wa Sitandade 1 amasiyanitsa. Pa rè mawu amagwa mwamphamvu kuchokera pamwamba, monga pothamangitsa galu kuti "choka!", kenako nao amangotsatira mopepuka ndi mwachidule. Pa chǎo mawu amatsikira pansi n'kudzukanso pang'ono, monga momwe agogo amayankhira "eee?" akamakayikira zimene mwawauza.

Pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchilingalira kuyambira nditabwerako, ndipo funso lanu landikumbutsa. Rènao ndi chǎo sasiyana pa kukula kwa phokoso. Makombola a kumudzi kuja anali ogonthetsa m'khutu kuposa kuseka kwathu kwa mu hositelo, koma makombolawo anali rènao, kuseka kwathu kunali chǎo. Kusiyana kwake kuli pa kumene munthu waima, mkati kapena kunja. M'mizinda ya ku China madzulo aliwonse amayi achikulire amasonkhana pabwalo ndi chimkuzamawu n'kumavina m'mizere, gule amene amamutcha guǎngchǎng wǔ. Ndinkakonda kuima n'kumawaonerera, ndipo tsiku lina anandikokera mumzere. Kwa ovinawo ndi rènao, ndipo kwa ambiri a iwo ndi mankhwala a kusungulumwa ana atakula n'kuchoka pakhomo. Kwa mwana amene ali m'nyumba yosanja pamwamba pawo, akuwerengera mayeso a gāokǎo olowera ku yunivesite omwe amalembedwa mu Juni, ndi chǎo wosapiririka. Mikangano ya mtunduwu inakula m'mizinda yambiri, ndipo lamulo latsopano loletsa phokoso losokoneza anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 5 Juni 2022, limakhudzanso anthu osangalala ndi zimkuzamawu m'malo a aliyense.

Kwathu kunonso nkhaniyi ilipo, tisadzinamize. Ng'oma ya kale inkamveka midzi itatu, koma aliyense woimva anali woitanidwa, ng'omayo ndiyo inali kalata. Chimkuzamawu cha masiku ano, kaya cha pa bala, kaya cha mapemphero a usiku wonse, kaya cha disiko ya ukwati yoyamba Lachinayi, chimalowa m'nyumba ya munthu amene sanaitanidwe, wina akudwazika matenda, wina mawa lake akulemba MSCE. Ine phokoso la anthu ndimalikonda, ndanena kale kuti kusowa kwake kunandiliza. Koma ndikanakonda tikanakhala ndi mawu awiri osiyana ngati anzathuwa, kuti woyatsa chimkuzamawu azidzifunsa kuti kwa mnansi wake wa kuseri kwa mpanda chimenechi ndi chiti mwa ziwirizi.

Musanapite kukayesa mawuwa pa kampu, ndikuchenjezeni pang'ono. Chimene chimakometsa rènao ndi rè uja. Nào akakhala yekha amatha kukhala woipa: mwana akamavuta amamuuza kuti bié nào, usavute, ndipo mukaphatikiza awiri aja n'kunena chǎonào, ndiye phokoso lachisokonezo lopanda ubwino uliwonse. Wotchi yodzutsa munthu m'mawa amaitcha nàozhōng. Palinso kàn rènao, kunena anthu othamangira kukaonerera ndewu kapena ngozi manja ali m'thumba, ndipo ameneyo si ulemu. Pa maliro rènao musamutchule, ngakhale patasonkhana chinamtindi cha anthu, gule n'kutuluka.

Lolemba mukafika pa ntchito, muwapeze bwanawo m'mawa, osati atangodya nkhomaliro, muwaonetse chithunzi cha ukwati uja n'kunena kuti, "Hěn rènao!", kutanthauza kuti kunatenthadi. Kenako muwonjezere kuti, "Xièxie nín lái", zikomo chifukwa chobwera. X ameneyo mutchule ngati sh wopepuka, lilime lili kuseri kwa mano a m'munsi. Ndakupatsani nín dala m'malo mwa nǐ, chifukwa nǐ ndi iwe, nín ndi inu, ndipo munthu wa imvi amayenera inu kulikonse. Za anyamata aja, mukafuna kuwapepesera munene kuti, "Duìbuqǐ, tài chǎo le." Kumeneko n'kunena kuti pepani, phokoso linanyanya. Mudzandilemberenso kuti nkhope yawo inaoneka bwanji.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndili Fomu 3. Achimwene anga akuphunzira ku China ndipo anatumiza chithunzi ali mu laibulale. Kumbuyo kwawo pakhoma palembedwa 请勿喧哗. Nditawafunsa anangoti ndikafufuze ndekha. Palembedwa chiyani? Nanga kuno kwathu Chitchaina ndingachiphunzire kuti?

Mtsikana wa ku Mkanda, Mchinji

YANKHO: Mng'ono wanga, achimwene akowo akufuna uyambe kukumba wekha, ndipo wayamba bwino pokopera zilembo zinayi zonsezo osalakwitsa. Pamenepo palembedwa kuti qǐng wù xuānhuá, kutanthauza kuti chonde musasokose. Qǐng ndi chonde, wù ndi "musa-" wa m'zikwangwani, ndipo xuānhuá ndi kulankhula mokweza anthu ambiri nthawi imodzi. Uwerenge yankho la pamwambali, uona kuti ameneyu ndi m'bale wake wa chǎo. Kusiyana kwake n'koti xuānhuá ndi mawu a m'mabuku ndi pakhoma, owapeza mu laibulale, m'chipatala ndi m'khoti. Mayi kunyumba sangauze ana ake choncho, iye amangoti bié chǎo. Potchula, xuān amamveka ngati "shwen" mawu ali pamwamba osatsika, huá ngati "hwa" mawu akukwera monga pofunsa funso.

Za kophunzirira, chiyambireni ubale wa Malawi ndi China mu Disembala 2007, nthawi ya Bingu wa Mutharika, mwayi wakhala ukutseguka. University of Malawi ili ndi Confucius Institute yomwe imaphunzitsa Chitchaina, ndipo mayeso amene masukulu a ku China amafuna kwa ophunzira akunja amatchedwa HSK. Koma iwe panopa maso akhale pa MSCE, chifukwa mwayi wa maphunziro a kunja umayamba ndi mapointi ako. Chitchaina uzichitola pang'onopang'ono ngati nkhuni, achimwene akowo azikutumizira mawu atatu pa sabata pa WhatsApp, atawatchula ndi pakamwa kuti umve kukwera ndi kutsika kwake.

Uyambe ndi ichi. Tayang'ananso zilembo ziwiri zomalizazo, 喧 ndi 哗. Chilichonse chili ndi kabokosi kumanzere, kamwa lija. Kabokosi komweko ukakapeza mu 吃, kudya, mu 喝, kumwa, ndi mu 唱, kuimba. Kamalembedwa ndi mizere itatu yokha: woyamba wotsika kumanzere, wachiwiri wopita kumanja n'kukhota kutsika osanyamula cholembera, wachitatu wotseka pansi. Ukalembe kuseri kwa kope lako mpaka dzanja lizolowere, kenako uwapemphe achimwene ajambule zikwangwani zina za mumsewu wawo, iwe uziwerenga kuti muli makamwa angati.